Katundu amene anayamba kununkha asanakwere sitima: lipoti la ntchito yosamutsa banja lina

M'mawa wa tsiku la 6 chilandirireni katundu wa banja lina m'nyumba yathu yosungiramo katundu, mkulu wina amene ndagwira nawo ntchito zaka zambiri, omwe tonse timangowatchula kuti Madala, anandikodola ndisanafike n'komwe patebulo langa. "Akulu, tabwerani kuno. Mulu uwu wayamba kupuma fungo." Ndinawerama n'kununkhiza pampata wa makatoni awiri. Linali fungo lija la chovala chimene chagona m'beseni usiku wonse. Katoni ya pansi penipeni inali itafufuma m'mbali, selotepu itayamba kumatuka m'makona. Titayang'ana matiresi amene anatsamira kukhoma, tinaona timadontho ta madzi m'kati mwa pulasitiki wokutirayo, chonsecho denga lathu silidontha ndipo pansi panali pouma gwa.

Ndalemba lipotili poganizira anzanga a ntchito yolongedza ndi kusamutsa katundu. Ambirife tinaphunzitsidwa kuopa kusweka: tambula, galasi, TV. Pa ntchito iyi chimene chikanawononga katundu wa banja lonse sichinali kugwa kapena kugunda ayi. Anali madzi amene sitinkawaona, omwe tikanawanyamula ndi manja athu n'kuwatsekera mu kontena.

Mmene katunduyu anafikira kwa ife

Banjali linali la anthu 5. Bambo anali atatsogola miyezi 4 m'mbuyomo kukayamba ntchito kudziko lina la kutsidya kwa nyanja, kozizira kwambiri. Mayi ndi ana 3 anatsala kuti anawo amalize chaka cha sukulu, kenako atsatire pa ndege, katundu adzere pa sitima yapamadzi. Pofuna kupulumutsako ndalama anasankha kulongedza okha. Ife yathu inali kukatenga, kusunga masiku 12, n'kupakira mu kontena yaing'ono ija ya mafiti 20.

Pamndandanda panali makatoni 86, mabedi omasula, matiresi 4, mpando wa sofa wokhala anthu atatu, tebulo ndi mipando yake, filiji, makina ochapira, ndi bokosi lamatabwa lokhomedwa ndi misomali. M'bokosimo munali makina osokera opalasa ndi mapazi, amene mayiwo anawasiyira ndi malemu amayi awo.

Ndiyambe ndi pamene ife tinalakwitsa. Sindinapite kunyumbako kukaona katundu asanalongedzedwe. Tinangoyankhulana pa foni ya vidiyo, mayi akundizungulitsa m'zipinda, ine ndikuyerekeza kuchuluka kwa katundu. Ndinafunsa za kukula kwa filiji, za masitepe, za poimika galimoto. Za madzi sindinafunse ngakhale funso limodzi. Sabata yonse ya kusamukako kunali mvumbi. Anyamata anafunditsa katundu lona pokweza, analemba pa fomu kuti eni ake alongedza okha, n'kunyamuka. Mawu amenewo amatiteteza ife pakabuka mlandu, koma katundu wa munthu samuteteza.

Kuitana mwini katundu

Ndikanatha kung'amba katoni imodzi pomwepo kuti ndione. Ndinadziletsa. Katoni imene mwini wake wamata yekha ukaitsegula iye palibe, chilichonse chodzasowa kapena chodzasweka kutsogolo chimadzagwera iwe. Ndinajambula zithunzi, tinasuntha katundu wa makasitomala ena amene anali pafupi, tinaphwasula muluwo kuti mpweya uzidutsa, kenako ndinaimba foni.

"Mayi, pepani kukuvutitsani m'mawa uno. Katundu wanu wayamba kumveka fungo la chinyezi. Ndikupempha mubwere titsegulire limodzi makatoni angapo."

Anakhala chete pang'ono. "Bambo, zonsezo ndinachapa ndekha. Mulibe chauve mmenemo."

Ndinazindikira kuti mawu anga awafika ngati chipongwe. "Sindikunena za uve ayi, mayi. N'kutheka kuti kuchapako ndi kumene kwabweretsa vutoli."

Apa anzanga musapeputse. Munthu amene wasamala za m'nyumba mwake zaka zambiri, ukamuuza kuti katundu wake akununkha, choyamba chimene amamva ndi manyazi, ndipo wamanyazi amakana ngakhale chimene chikanamuthandiza. Mayiwa sankafunanso kuti amuna achilendo azifwanyula zovala zawo ndi za ana awo aakazi. Tinagwirizana kuti titsegule makatoni 10 okha, 5 osankha iwo, 5 osankha ine, ndipo a zovala atsegule mnzathu wamkazi amene amagwira ntchito yolongedza zosweka. Anabwera m'mawa mwake.

Zimene tinapeza

Kunja makatoniwo anali ogometsa. Iliyonse inali ndi nambala, dzina la chipinda ndi zimene zili m'kati, zolembedwa mwaukhondo. Koma paja chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Mwa makatoni 10 aja, 7 anali ndi chinyezi chomveka ndi dzanja, ndipo mu 3 munali mutayamba kale chuku.

Choyamba anali mabulangete ndi zofunda. Mayi anachapa zonse kutatsala masiku awiri kuti asamuke, pofuna kukayamba nyumba yatsopano ndi zoyera. Chifukwa cha mvumbi anayanika m'nyumba, ndipo zitamveka zouma pogwira anazipinda n'kuziika m'matumba apulasitiki, poganiza kuti akuziteteza ku mvula. Pulasitikiyo anatsekera madzi m'kati. Kachipangizo kathu koyezera chinyezi cha mumpweya titakasiya m'thumba limodzi kwa mphindi 20 kanaonetsa 84 peresenti. Chuku chimayamba kumera chinyezi chikakhalitsa pa 75 peresenti kapena kuposa apo, makamaka kukafunda.

Makatoni enieniwo nawo anali ndi vuto. Anali akale, otoledwa apa ndi apo, ambiri a khoma limodzi, ndipo anakhala milungu ingapo pansi pa simenti m'chipinda cha panja. Pepala la katoni limamwa madzi a mumpweya mwakachetechete. Chinyezi chikafika cha m'ma 90 peresenti, katoni imataya pafupifupi theka la mphamvu yake yosenza zimene zasanjikizidwa pamwamba. Ndiye katoni yofufuma ija inali itasenza makatoni atatu a mabuku. Mabukuwo anaikidwa m'makatoni aakulu, ndipo imodzi titaiika pa sikelo inalemera makilogalamu 38.

Filiji anaizimitsa m'mawa wa tsiku losamuka n'kumata zitseko ndi selotepu kuti zisamatseguke panjira. Madzi oundana anasungunukira m'katimo. Titatsegula, labala wa m'mbali mwa chitseko anali atada ndi chuku, ndipo kambale kam'mbuyo kamene kamalandira madzi kanali kodzaza. Makina ochapira titamasula kasefa ka m'munsi munatuluka madzi odzaza makapu atatu. Makina amenewa satha madzi onse ngakhale atamaliza kuchapa, ena amatsalira m'pampu ndi m'mapaipi.

Atawona izi, mayi anangoti, "Tsegulani onse." Mwa makatoni 86, okwana 31 anali ndi chinyezi, 9 mwa iwo ali ndi chuku. Nsapato zachikopa ndi malamba zinali zitayera mbuu. Mbale zinasanjikizidwa chogona, pakati pake pali timatawulo ta kukhitchini tomwenso tinali tachinyezi.

Chimene chinandidetsa nkhawa koposa linali bokosi la makina osokera. Kalipentala analikhoma bwino, lolimba ndithu, koma ndi matabwa ongocheka kumene. Mita yathu ya mano awiri, yoyezera chinyezi cha m'matabwa, titaibaya m'thabwa inaonetsa 28 peresenti. Matabwa okhawo ankalemera pafupifupi makilogalamu 60. Thabwa louma bwino la m'nyumba limakhala cha m'ma 12 peresenti, kutanthauza kuti bokosi limeneli linali ndi madzi opitirira malita 7 oti lidzatulutse pang'onopang'ono pamene likuuma. Gudumu la makinawo linali litayamba kale timadontho ta dzimbiri.

Panalinso vuto lachiwiri pa bokosi lomwelo: linalibe chidindo. Pali lamulo la mayiko ambiri lotchedwa ISPM 15, limene linakhazikitsidwa mu 2002 pofuna kuletsa tizilombo ta m'mitengo kuwoloka malire. Matabwa osakonzedwa ochindikala kuposa mamilimita 6 amene akugwira ntchito yolongedzera, monga mabokosi, mapaleti (timathandala ta matabwa tosanjikapo katundu) ndi zotchingira, amayenera kuphedwa tizilombo m'njira yovomerezeka n'kudindidwa. Njira yofala ndi kuwatenthetsa mpaka m'kati mwake mufike madigiri 56 kwa mphindi 30 zosalekeza, ndipo chidindocho chimakhala ndi zilembo HT, zosonyeza kuti thabwalo linatenthetsedwa. Bokosi lopanda chidindo likhoza kuchititsa kuti kontena yonse igwidwe padoko, kapena kulamulidwa kuti liwonongedwe. Ndionjezere kuti HT sakutanthauza kuti thabwalo ndi louma. Ndaonapo mapaleti odindidwa bwinobwino ali onyowa.

Kusankha chochita

Ndinawakhazika pansi mayi n'kuwafotokozera zimene zimachitika chitseko cha kontena chikatsekedwa. Kontena ya mafiti 20 m'kati mwake ndi yotalika pafupifupi mamita 5.9, ndipo malo onse ndi makyubiki mita 33. Ikakhala yabwino, mvula ndi madzi a m'nyanja salowa. Koma ndi bokosi lachitsulo: masana limatentha koopsa, usiku limazizira msanga. Mpweya wofunda umasunga nthunzi yambiri. Pa madigiri 30, kyubiki mita imodzi imatha kusunga magalamu 30 a madzi, pomwe pa madigiri 10 imangosunga magalamu oposa 9 pang'ono. Masana katundu wachinyezi amatulutsa nthunzi, usiku denga likazizira nthunziyo imasanduka mame n'kuyamba kudonthera pansi. Kukacha zimayambiranso. Ife timati kontena yachita thukuta. Ulendo wochoka kotentha kupita kozizira ndiwo umachititsa thukuta kwambiri, ndipo umenewu ndiwo unali ulendo wa katunduyu.

Mpweya wokha wa mu kontena yopanda kanthu, ngakhale utakhuta nthunzi chotani pa madigiri 30, umangosunga pafupifupi lita imodzi. Bokosi la makina osokera lokha linali ndi malita 7. Choncho mdani si mpweya umene watsekeredwa, koma katundu amene akupitiriza kuudyetsa madzi tsiku ndi tsiku.

Njira zinalipo zitatu. Kupakira pa tsiku lomwe tinapangana n'kukolowekamo matumba ambiri oyamwa chinyezi. Kupatula zonyowa zitsale, zouma zipite. Kapena kuumitsa zonse, kulongedzanso, n'kulola sitimayo ipite, tidikire ina patatha milungu iwiri.

Bambo aja tinawaimbira pomwepo. Anali atatopa ndi kugona m'nyumba yopanda kanthu, ndipo ndinawamvetsa. "Achimwene, sitima imeneyi isatisiye. Bwanji osangoika mankhwala oyamwa madzi aja ochuluka?"

Ndinawayankha kuti matumbawo ali ndi malire. Silica gel amayamwa madzi okwana pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kulemera kwake. Calcium chloride, amene timakoloweka m'makontena, amayamwa oposa kawiri kulemera kwake. Koma onsewa amayamwa za mumpweya umene ukuwafika. Sangalowe m'thumba lapulasitiki lomangidwa kukaumitsa bulangete, ndipo chuku chimene chayamba kale m'kati mwa katoni chimapitiriza ntchito yake. Njira yachiwiri ndinaikana chifukwa zotsalazo zikanasowa mwini, poti kunali kutangotsala masiku 8 kuti mayi anyamuke, ndiponso zambiri mwa zonyowazo ndi zimene ana akanazifuna pofika kozizira.

Mawu okha sanawagwire mtima bambowo. Chimene chinatembenuza nkhani chinali chinthu chaching'ono. Dzuwa litatuluka masana amenewo, Madala anatenga bulangete limodzi limene mayi ankaumirira kuti ndi louma, analiika m'thumba loonekera m'kati, anamanga, n'kulisiya padzuwa ola limodzi. Kenako analilowetsa m'chipinda chozizira. Pasanathe mphindi 15 thumba lonse linali mame okhaokha m'kati. Mayi anajambula n'kutumizira amuna awo. Bulangete lomwelo tinaliyeza pa sikelo, linali makilogalamu 3.1, ndipo litatuluka m'makina oumitsira linali 2.7. Mabulangete onse analipo 14. Madzulo ake bambo anatumiza uthenga kuti tichite zimene tikuona kuti n'zoyenera.

Ndinawauzanso za inshuwalansi, chifukwa ambiri amaganiza kuti ikakhalapo ndiye kuti zonse zili bwino. Malamulo amene makampani ambiri a inshuwalansi ya katundu wa pa sitima amatsatira, otchedwa Institute Cargo Clauses, salipira chowonongeka chifukwa cha kulongedza kosakwanira kwa mwini, kapena chifukwa cha vuto limene linali kale m'katundumo. Bulangete lonyowa likawola panjira limagwera pamenepo.

Sabata ya kuumitsa ndi kulongedzanso

Tinagawa katundu patatu: wouma, wachinyezi koma wopanda chuku, ndi wachuku. Wachuku tinamutulutsa panja pa shedi, kutali ndi katundu wina aliyense, ndipo omugwira anavala masiki ndi magolovesi. Chuku sachisasa m'nyumba, fumbi lake ndi mbewu. Zovala ndi zofunda zinachapidwanso n'kuumitsidwa m'makina, kenako tinazisiya usiku wonse zizizire tisanapinde, chifukwa chovala chofunda chimanamiza dzanja. Mabuku tinawaimika chotsegula kutsogolo kwa mafani, m'chipinda momwe tinayatsa makina okoka chinyezi mumpweya. Filiji ndi makina ochapira zinatsukidwa n'kukhala chotsegula masiku 4, ndipo pokutira tinapanikiza kansalu pachitseko kuti chisatsekeke kotheratu. Ng'oma ya makina ochapira tinaimanga ndi mabawuti ake a paulendo, amene mwamwayi mayi anali atasunga. Tinataya matiresi amodzi a mwana, mapilo 3 ndi nsapato mapeyala awiri. Tinachotsanso mabatire a lithium ndi zitini zopopera, zomwe siziyenera kukwera mwachisawawa.

Pa maalubamu a zithunzi m'pamene ntchito inaima kanthawi. Analipo 7, ndipo awiri zithunzi zake zinali zitamatirira ku pulasitiki wa masamba. Pamwamba pa chithunzi pali kagawo kopyapyala kamene kamafewa kakamva chinyezi, ndipo ukakoka mokakamiza nkhope imatsalira pa pulasitiki. Mayi anayesa chimodzi tisanawaletse, cha tsiku la ukwati wa makolo awo, ndipo pangodya panasupuka. Analira. Tinasiya zonse. Mwana wawo wamkulu anajambula tsamba lililonse ndi foni mmene linalili, kenako tinasiya maalubamuwo chotsegula kuti aume okha. Ndinawalangiza kuti onse 7, pamodzi ndi zikalata za sukulu, za kubadwa ndi za chipatala, asalowe mu kontena, ayende nawo m'manja.

Makatoni akale onse tinawachotsa, tinagwiritsa ntchito atsopano a makoma awiri. Mabuku analowa m'makatoni aang'ono, iliyonse osapitirira makilogalamu 20. Mbale iliyonse inakutidwa payokha ndi pepala louma n'kuimikidwa chammbali, pansi ndi pamwamba pali mapepala ofwinya, chifukwa mbale yoimirira imapirira kugunda kuposa yogona imene yasenza zinzake. Katoni iliyonse tinaidzaza mpaka pakamwa. Yosadzaza imabonyoka ikasanjikizidwa, ndipo ukaigwedeza pang'ono n'kumva kanthu kakuyenda ndiye kuti ntchito sinathe. Selotepu tinamata pamzere wapakati ndi m'mbali zonse ziwiri, pansi ndi pamwamba pomwe. Zofunda sizinabwererenso m'pulasitiki, tinazikuta ndi pepala.

Makina osokera tinawamasula mutu kuuchotsa pa miyendo yake, tinapala dzimbiri lija, tinapaka mafuta a makina, n'kuukuta ndi pepala ndi nsalu youma. Bokosi latsopano tinapanga la pulayiwudi yekhayekha, amene ndi wouma ndiponso lamulo la ISPM 15 silimukhudza chifukwa amapangidwa ndi kutentha ndi guluu.

Tsopano mpando wa sofa. Mayi anandiuza momveka bwino kuti anautsuka ndi sopo wa thovu kutatsala masiku atatu kuti asamuke. Ndinabaya mita m'thabwa la pansi, inaonetsa 14 peresenti. Nsalu inali youma pogwira. Tinauika pa mafani masiku awiri, ndipo pofuna kuti mayi aone zonse zitakutidwa asanakwere ndege, ndinalamula kuti ukutidwe ndi mabulangete a ntchito, pamwamba pake pulasitiki wokulunga, mbali zonse. Madala anati, "Akulu, siponji imasunga madzi pakati. Tiusiye pansi potsegula, kapena tidikire." Ndinayankha kuti mita yanena kale. Mitayo inayeza thabwa, osati siponji. Mpandowo unakhala wokutidwa masiku 12 tikudikira sitima, ndipo pa tsiku lopakira sindinautsegule kuti ndione.

Kupakira

Kontena yoyamba imene inabwera ndinaibweza. Ndinalowa m'kati, anyamata anatseka zitseko, ndipo kuwala sikunalowe paliponse, kusonyeza kuti inalibe zibowo. Koma pansi pake anali atangotsuka kumene, ndipo matabwa ake anaonetsa 24 peresenti. Dalaivala anadandaula, tinataya tsiku limodzi. Yachiwiri inaonetsa 15, inalibe fungo, labala wa zitseko ali bwino.

Zolemera tinaziyala pansi kuyambira kutsogolo mpaka kuchitseko. Malangizo a kapakiridwe ka katundu m'makontena otchedwa CTU Code, amene mabungwe a United Nations a IMO, ILO ndi UNECE anatulutsa mu 2014, amati theka limodzi la kontena lisasenze kulemera koposa 60 peresenti ya katundu yense. Makatoni tinawasanja kona pa kona, osati molukana ngati njerwa, chifukwa mphamvu ya katoni ili m'makona ake oimirira. Tinasiya mpata pakati pa katundu ndi denga, tinayala mapepala ochindikala pamwamba kuti alandire dontho lililonse, tinatseka mipata ndi matiresi ndi makushoni, n'kumanga malamba. Pafupi ndi chitseko tinaika chotchinga cha pulayiwudi kuti wotsegula asagweredwe ndi katundu. Matumba 10 a calcium chloride, lililonse la kilogalamu imodzi, tinawakoloweka m'mphete za m'mwamba, osawapanikiza ndi katundu. Ndinaikamonso kachipangizo kolemba kutentha ndi chinyezi ola lililonse. Kontena inayezedwa kulemera, monga zakhala zikufunikira kuyambira pa 1 July 2016 pansi pa SOLAS, pangano la mayiko la chitetezo cha sitima zapamadzi, ndipo nambala ya chotsekera chitseko tinailemba pa zikalata n'kuitumiza kwa eni katundu.

Zimene zinachitika pofika

Kontena inatsegulidwa patatha masiku 56 chitsekereni, 9 mwa iwo ili padoko kudikira zikalata. Anzathu a kumeneko amene anatsitsa katundu anatumiza zithunzi ndi lipoti. Denga linali louma, mapepala apamwamba aja alibe banga. Makatoni onse anafika ali chiimire. Zosweka zinali matambula awiri ndi kona ya shelefu imodzi. Mabuku, zovala ndi zofunda zinalibe fungo. Makina osokera anabwezeretsedwa pa miyendo yake ndipo anasoka tsiku lomwelo. Kachipangizo kaja kanaonetsa kuti kutentha kunafikapo madigiri 41 kumayambiriro kwa ulendo, kunatsika mpaka 4 kumapeto, ndipo chinyezi sichinapitirire 68 peresenti.

Ndinawapempha kuti ayeze matumba oyamwa chinyezi aja asanataye. Onse pamodzi analemera makilogalamu 18.5. Ndiye kuti malita 8 ndi theka a madzi anatulukabe m'katundu amene tinamuumitsa sabata yathunthu, m'makatoni atsopano, m'matabwa a pansi pa kontena, ndi mumpweya wolowera m'timabowo topumira timene kontena imapangidwa nato. Matumbawo anagwira ntchito yake chifukwa tinawasiyira madzi oti angawathe. Ndimaganizabe za mabulangete 14, bokosi la matabwa aawisi ndi pansi ponyowa pa kontena yoyamba, zonsezo zikanakhala mmenemo.

Mpando wa sofa unafika ndi chuku. Atang'amba pulasitiki, kumbuyo kwake ndi pansi pa makushoni kunali mawanga obiriwira ndi akuda, siponji ikununkha. Matumba aja anali pamwamba pake penipeni, koma sakanaufika, chifukwa ine ndinautsekera. Ndinachita kwa mpandowo zomwe mayi anachita kwa mabulangete awo, patangopita masiku ochepa ndikuwafotokozera kuopsa kwake. A inshuwalansi anakana kulipira, poti chuku sichinali m'gulu la zimene anavomera. Ndinawaimbira mayi ndekha n'kuwauza kuti kulakwa kunali kwanga, kuti iwo anandichenjeza za kutsuka kuja ndiponso mnzanga anandiletsa. Tinalipira mtengo wosintha siponji ndi nsalu yonse. Thabwa la mpandowo linali lidakali bwino.

Chichokereni ntchito imeneyi tasintha zingapo. Ngakhale eni ake akulongedza okha, katundu wopita pa sitima timapita kukamuona ndi maso kusanathe, ndipo makatoni timawapatsa ndife. Pa fomu yoyamba tinaonjezera mafunso amene kale kunalibe: mwachapa chiyani sabata ino ndipo mwayanika kuti, filiji muzimitsa liti, makatoni akhala pati, pali chilichonse chokhomedwa ndi matabwa atsopano. Zovala ndi zofunda timapempha kuti kuchapa komaliza kuchitike kutatsala sabata yathunthu, filiji izimitsidwe kutatsala masiku awiri n'kusiyidwa chotsegula. Katundu akafika kwa ife, tsiku lomwelo timabaya mita m'makatoni angapo a pansi ndi m'thabwa lililonse, ndipo choposa 18 peresenti sichilowa mu kontena.

Za siponji tinagwirizana kuti dzanja ndi mita ya matabwa sizikwanira. Khushoni limodzi timalimanga m'thumba loonekera m'kati pamodzi ndi kachipangizo koyezera chinyezi, tilisiye usiku wonse, m'mawa tiwerenge. Mipando ya nsalu ndi yachikopa timaikuta ndi mabulangete ndi pepala, pulasitiki timangozunguliza pakati kuti agwire mabulangetewo, pansi ndi m'mbali n'kusiya popumira. Chilichonse chimene chakhala chokutidwa kuposa sabata chimatsegulidwa pang'ono pa tsiku lopakira, ndipo amene amanunkhiza n'kuvomereza ndi Madala.